Makamu a ku Joni pa Galaja ya a Hector

A Hector Nantchengwa ndi asuweni anga. Mayi awo ndi bambo anga anayamwa bere limodzi, ndiye ine ndili ndi ufulu wowanena mmene ndingafunire, ndipo ufuluwo sindiusunga m'thumba. Ndimawaitana kuti amuna anga, iwo amati ndine mkazi wopanda pake chifukwa sindinawaphitsirepo ngakhale madzi osamba. Benchi yanga ya mpunga inali moyang'anizana ndi galaja yawo pa Migowi, pansi pa mtengo wa mango umene unaleka kubereka chiyambire kumwa oyilo. Ndakalambira pamenepo ndikuwaonerera, moti ndinkayesa kuti palibenso chimene angachite choti ine n'kudabwa. Ndinkadzinamiza.

Makutu awo anawatengera kwa mayi awo, azakhali anga, amene ankaumba mbiya ndi miphika ndi dongo la kudambo. Azakhaliwo akaphula miphika pamoto ankaigogoda ndi chala umodziumodzi, mwana wawo atakhala pambali n'kumanena kuti uwu uli bwino, uwu uli ndi mng'alu m'kati, mng'alu woti maso sakuuona. Atasiya sukulu anakalowa ntchito pa chigayo cha dizilo cha a Omar ku Chiringa. Kumeneko anakhalitsa, mutu uli mbuu ndi ufa, khutu lili pa injini. Pamene ankatsegula galaja yawo anali atadziwika kale chigwa chonse, mpaka kwa ogula matemba a ku Chilwa. Galimoto inkati ikamakhota pamsika, isanaime n'komwe, iwo anena kale kuti, "Ameneyo wabwera ndi beringi," kapena, "Uyo wamwetsa injini petulo wa m'zigubu." Mwini wake potsika ankapeza matenda atatchulidwa kale, iye n'kungotsala kukamwa kuli yasa.

Anali ndi mawu ena amene ankakonda kuwanena, makamaka akakhuta kalongonda. Ankati, "Tsiku limene injini idzalankhule ine osadziwa chimene ikunena, ndidzatseka galaja ino." Ankanena moyerekedwa, poganiza kuti tsiku loterolo silidzafika.

Koma phokoso la chigayo chija linawalondola mpaka ku ukalamba. Tinayamba kumva wailesi yawo ikukuwa mpaka kumabutchala. Kutchalitchi ankatsalira pa nyimbo, ife tafika pa Ameni iwo akadali pakati. Ine ndinkawaseka, poti ndi ntchito yanga, koma mumtima ndinkamva chisoni chachikulu. Munthu amene anadyera makutu moyo wake wonse anali atayamba kuwerenga milomo ya anthu, n'kumanamizira kuti akungotiyang'ana.

Chaka chatha, nthawi ya nandolo, lole ina yodzaza matumba inkabwerera chammbuyo pafupi ndi galajayo. A Hector anali atawerama akufunafuna nati m'fumbi, atafulatira loleyo. Msika wonse unakuwa, iwo osatembenuka. Ine ndinangotola lichero langa n'kuwagenda nalo kumsana. Anadzuka mwaukali n'kubwera kudzandikalipira, ndipo tayala linaponda pomwe panali mutu wawo. Lichero langa linaphwanyika, ndipo mpaka lero sanandithokoze.

Nkhaniyi inamufika Aliness, mwana wawo, amene ndi namwino ku Zomba. Anatenga tchuthi, kufika pa Migowi, kukhoma kanyumba kosungiramo zida, kiyi n'kuponya m'chikwama chake. Anati wabwera kudzawatenga akakhale naye.

"Ababa, mawu ndi anu omwe," anatero mokweza, atawayang'ana kumaso kuti aone milomo yake. "Munati mukadzaleka kumva mudzatseka."

"Ndinati injini," a Hector anayankha. "Sindinanene za lole yobwerera chammbuyo, kapena za pakamwa pa Zelifa."

Zelifa ndine. Ndinawauza kuti pakamwa pomwepo ndi lichero lomwelo ndi zimene zawasunga, koma anayang'ana kumbali dala. Bambo ndi mwana anakokana mpaka dzuwa kupendeka, ndipo pomaliza anagwirizana chimodzi. Galimoto yoyamba kubwera ndi vuto la injini ndi imene idzaweruze. Akaidziwa matenda n'kuichiza, kiyi abwerera. Akalephera, alongedza zawo wa ku Zomba. Aliness anavomera chifukwa ankadziwa bwino mmene makutu a bambo ake anathera. Inenso ndinkadziwa, ndipo ndinapemphera kuti ibwere galimoto ya matenda ooneka ndi maso.

M'malo mwake, mmawa mwake kunabwera Chance.

Chance ndi mwana wa mayi Enelesi a ku Mpasa. Anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni ndi kagalimoto kofiira, kafupi ngati kamba, kamene anayendetsa yekha kudzera ku Tete. Tinakamva kasanaoneke. Kankalira bu-bu-bu, kenako n'kukhala ngati kazima, n'kuyambanso, thupi lonse likugwedera. Anyamata a kabaza ankakakonda chifukwa cha kulirako, ndipo mwini wake ankaima dala pamsika n'kumakasiya kakututuma. Koma tsikulo anatsika nkhope itagwa.

Loweruka linali chinkhoswe chake. Mtsikanayo kwawo ndi m'mudzi wina wa m'mphepete mwa phiri, kumtunda kwa msewu wopita kumpata wa pakati pa Michesi ndi Mulanje, ndipo monga mwa mwambo wathu Chance ankayenera kukakhala komweko pa chikamwini. Tsoka lake, galimotoyo inkakana phiri. Pa tala wa ku Chitakale inkathamanga moti mitengo osaoneka, koma ikafika pa chitunda cha miyala, pofunika kukwera pang'onopang'ono, inkatsamwa n'kuzima. Ulendo womaliza anaisiya panjira n'kumaliza wapansi, nsapato zoyera zili phulusa, apongozi ake am'tsogolo akumuonerera kuchokera pakhonde.

"Madala, ndithandizeni," anatero. "Galimotoyi ili ndi tebo, mphamvu ilipo yambiri. Koma paphiri ikundichititsa manyazi."

Aliness anatsegula kanyumba ka zida n'kubwera kudzakhala pa benchi yanga. Anayamba kundithandiza kusankha timiyala mu mpunga, koma maso ake sanali pa mpungawo.

A Hector anauza Chance kuti alize injini. Anaima pafupi ndi boneti, kupendeketsa mutu uku, kupendeketsa uko, monga ankachitira kale. Ndinaona pankhope pawo kuti palibe chimene chikuwafika. Phokoso limene linkagwedeza malata a msika wonse, kwa iwo linali ngati mvula yogwa kutsidya kwa mtsinje.

Kenako anatenga sikuludiraiva yawo yaitali, ya chigwiriro chamtengo, imene kale ankaiika kukhutu. Nsonga yake anaigunditsa pamwamba pa injini, chigwiriro n'kuchiluma ndi mano. Anatsinzina. Chitsulo chinkanjenjemera, nsagwada zawo zikunjenjemera nacho, dzanja lina atalitambasula pa phiko la galimoto. Anasuntha nsonga ija kupita kutsogolo, kenako kumbuyo, kenako kufupi ndi paipi ya utsi. Ine ndinaiwala kasitomala amene ankadikira mpunga wake.

Atalavula chigwirirocho anati, "Injini iyi sikudwala. Palibe chothyoka, palibe chokutha. Koma ikupuma ngati munthu amene wabwereka chifuwa cha mnzake. Chance, unasintha chiyani m'mutu mwa injiniyi?"

Chance anakanda kumutu. Anati anzake a ku Joni, amene amathamangitsana pa misewu ikuluikulu ya kumeneko, anamuuza kuti achotse zitsulo zotchedwa makamu, makamu amene galimoto inabadwa nawo, aike ena a mpikisano. Anati amawonjezera mphamvu, komanso ndi amene amapereka kulira kuja.

A Hector anatsegula chivundikiro cha pamwamba pa injini n'kutiitana tonse, ndi ine ndemwe, ati kuti mkazi wawo asafe mbuli. M'katimo munagona zitsulo ziwiri zazitali, chilichonse chili ndi tizigongono totumphuka m'mbali. Amenewo ndiwo makamu. Anati injini ili ngati nyumba ya makomo awiri, lina lolowera mpweya, lina lotulukira utsi, ndipo zitseko zake ndi mavalavu. Kamu ikamazungulira, tizigongono tija timakankha zitsekozo kuti zitseguke, kenako n'kuzisiya kuti zitsekeke. Kamu imodzi ndi ya khomo lolowera, inayo ndi ya khomo lotulukira. Tebo nayo anati ndi mvukuto chabe. Utsi wotuluka umazunguza kagudumu, kagudumuko n'kuzunguza kanzake kamene kamapemerera mpweya m'nyumbamo. Utsi ukakhala wamphamvu, mvukuto umadzuka msanga.

Anagwira zala ziwiri za Chance n'kuziika china pa chitseko cholowera, china pa chotulukira. Kenako anayamba kuzunguza injini pang'onopang'ono ndi sipana.

"Wamva? Ichi sichinatseke, koma chinachi chatseguka kale. Dikira. Sichinatsekebe. Nthawi yonseyi makomo onse awiri ali pululu. Injini ikamathamanga kwambiri, mpweya umabwera ndi liwiro, ndipo makomo otseguka motalika chonchi amathandiza, n'chifukwa chake pa tala umauluka. Koma ukamayenda pang'onopang'ono, utsi umabwerera m'nyumba, moto umayaka mofooka, mvukuto umangogona. Pomwe ukuufuna kwambiri, pachitunda paja, ndi pomwe uli mtulo. Kulira kumene umanyadiraku ndi injini ikutsamwa ndi utsi wake womwe."

Chance anafunsa ngati sizingatheke kusunga kulirako n'kupezanso mphamvu ya paphiri. A Hector anamuyang'ana milomo, kenako anati, "Mapanga awiri avumbwitsa, mwana wanga. Sankha, anyamata a kabaza kapena apongozi. Makamu akale ali kuti?"

Mwayi wake, munthu wa kwathu sataya chitsulo. Chance anabwera nawo onse awiri kuchokera ku Joni. Ina inali m'buti, yokulungidwa m'thumba la simenti. Inayo anati ili kwa mayi ake. Anakwera kabaza kukaitenga, ndipo pobwera nayo msika wonse unagwa ndi phwete. Mayi Enelesi anaona chitsulo chabwino chikungokhala pakhonde, ndiye anachikhomera pansi ndi mwala n'kumangirirapo mbuzi. Tizigongono take tinali tabwino kwambiri pogwira chingwe kuti chisavuke. Kamuyo inabwera yopindika, yadzimbiri, ikununkha tonde.

Ine ndinaseka mpaka misozi, koma nditayang'ana a Hector ndinaleka. Ndinazindikira kuti njira yapafupi, yongobwezera zakale zonse, yatsekeka. Ku Limbe mwina kamu yotero ikanapezeka, koma osati Loweruka lisanafike, ndiponso tchuthi cha Aliness chinali chikutha.

A Hector anamasula makamu a ku Joni aja n'kuwagoneka pa thebulo pafupi ndi yakale yopulumukayo. Kenako anatulutsa chinthu chimene ndinali ndisanachione chimwalirire azakhali, mpira wa dongo lonyowa wokulungidwa m'pepala la pulasitiki. Anaphimba kachigongono kamodzi ndi kajumbo kopyapyala, kukamata ndi dongo, kulidula pakati ndi ulusi, n'kulikanganula mosamala monga mayi awo ankachitira ndi khosi la mbiya. Anachita chimodzimodzi pa makamu enawo. Mu dongomo munatsala mabowo, ndipo ngakhale ine wogulitsa mpunga ndinaona kusiyana. Bowo la kamu yakale linali losongoka ngati dzira la nkhuku. La kamu za ku Joni linali la mapewa otambalala ngati mango a boloma. Anayendetsa chala m'mabowomo kwa nthawi yaitali, milomo ikugwedera.

"Mbuzi yatichitira chifundo," anatero pomaliza. "Yadya ya khomo lolowera, yatisiyira ya khomo lotulukira. Imeneyi ndi imene imadyetsa mvukuto. Tibwezera yakale kotulukira, kolowera tisiya ya ku Joni. Sizinabadwire limodzi, koma zikhoza kukhalira limodzi ngati tizigwirizanitsa bwino."

Kugwirizanitsako ndiye kunali ntchito. Makamu a ku Joni anabwera ndi magiya otha kusunthika pang'ono, kuti chitseko chizifulumira kapena kuchedwa kutseguka. Zizindikiro za pa injini zinkangothandiza kuti pisitoni isagunde valavu, koma malo enieni oyenera ukwati wachilendowu panalibe amene anawalembapo. Kale a Hector akanawapeza ndi khutu. Tsopano anamanga zonse, kuzunguza ndi dzanja kuti atsimikize kuti palibe chikugundana, kuliza injini, n'kuluma chigwiriro chija. Anapukusa mutu, kuzimitsa, kumasula timabawuti, kusuntha giya pang'ono ngati m'lifupi mwa njere ya mpunga, kumanganso, kulizanso, kulumanso. Anabwereza mpaka ndinaleka kuwerenga. Dzuwa linawotcha, thukuta likuyenderera m'makwinya a khosi lawo. Chance anayamba kutopa, ndipo ndinamukumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nthawi ina Aliness anati kwa ine chapansipansi, "Azakhali, mano amenewo atha." Anadzuka, kukagula botolo la madzi, kukaliika pa thebulo la bambo ake, n'kubwerera pa benchi.

Chakumadzulo injini inasintha mawu. Bu-bu-bu uja anatha. Inayamba kung'ung'udza mosalala, thupi la galimoto lili phee, moti ndalama yachitsulo ikanaima pa boneti. Ife tinamva ndi makutu, koma a Hector anali atakweza kale dzanja, chigwiriro chikadali kukamwa. Anyamata a kabaza anadandaula kuti galimoto yasanduka ya abusa.

"Kung'ung'udza si kukwera phiri," anatero Aliness. Ananena zoona, ndipo bambo ake anavomera.

Kutacha tinanyamuka anthu anayi. Chance ankayendetsa, a Hector ali pambali pake, ine ndi Aliness kumbuyo. M'buti tinaikamo matumba a mpunga wa pachinkhoswe, kuti galimoto ilemere monga idzalemerere Loweruka. Titasiya tala tinalowa msewu wafumbi, kudutsa amayi osenza nkhuni akutsika kuphiri, mpaka chitunda chija chinaonekera, miyala ili mbuu, ngalande ya madzi a mvula itadula pakati. Apa munthu sungathamange. Uyenera kulowa ndi giya yoyamba, mwaulemu.

Chance anagwira chiwongolero ngati akufuna kuchithyola. A Hector anatambasula chikhatho chawo pa dashibodi n'kutsinzina. Galimoto inayamba kukwera, kugwedera pa miyala, injini ikutsika mawu. Tinafika pa mtengo wa mkuyu pomwe inazimira ulendo watha, ndipo ndinamva Aliness akugwira mkono wanga.

"Usaponde kwambiri," a Hector anatero, maso ali chitsinzinire. "Isiye. Mvukuto ukudzuka. Ukubwera. Ndi uwo."

Atangotseka pakamwa, kunamveka kakhweru kochokera pansi pa boneti, kopyapyala, kokwera pang'onopang'ono, ndipo mpando unandikankha kumsana. Galimoto inakwera chitundacho ngati ikukokedwa ndi chingwe kuchokera kumwamba. Munthu wosamva anatiuza za mluzuwo ife a makutu tisanaumve. Ndakhala ndi munthu ameneyu moyo wanga wonse, ndamugenda ndi lichero, koma panthawiyo ndinachita naye mantha, mantha aulemu amene munthu umakhala nawo polowa m'tchalitchi mopanda anthu.

Pamwamba Chance anaimitsa galimoto pafupi ndi mudzi wa apongozi ake, n'kutsika kukagwada pafumbi, kuwomba m'manja pamaso pa a Hector. Kumunsi chigwa chonse chinali chitayalika, minda ya mpunga, ndi Chilwa akunyezimira patali. A Hector sanayang'ane zimenezo. Anaima akusisita chikhatho chawo, kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Aliness, tebo inalira?"

"Inalira, Ababa."

"Inalira bwanji? Dzanja landiuza kuti mvukuto wadzuka, koma mawu ake sindinawamve. Ndikanakonda n'tawamva."

Ananena mosadandaula, monga munthu wofunsa za m'bale amene sanamuone kalekale. Ine misozi inalengeza. Aliness ali mwana ankakonda kukhala pagalaja n'kumayeserera kulira kwa galimoto iliyonse, bambo ake n'kumalota kuti ndi ya yani. Tsopano mayi wamkulu, namwino wolemekezeka, anatenga dzanja lakuda ndi oyilo la bambo ake n'kuliika pakhosi pake. Anayamba kung'ung'udza chapansi, kenako kukweza mawu pang'onopang'ono, kukwezabe, mpaka anafika pa kamawu kopyapyala kaja. Mawu anamuthera panjira chifukwa ankalira.

A Hector anagwedeza mutu. "Eya," anatero. "Ndi momwemo. Ili bwino."

Aliness anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Anatsegula chikwama, kutulutsa kiyi uja, koma sanawapatse bambo ake. Anandipatsa ine.

"Azakhali, inu muzitsegula mmawa, muzitseka madzulo. Injini azimva okha. Malole muziwamvera ndinu."

Ndiye mpaka lero kiyi wa galaja ya a Hector amakhala pa chingwe m'khosi mwanga. Benchi yanga ndinaisunthira kufupi ndi msewu, pomwe ndimaona chilichonse chobwerera chammbuyo, ndipo pambali panga pamakhala lichero lakale limene sindipetera mpunga.